Munthu Wachikhumi: Ophunzira Achiyuda ndi Gulu Lawo pa Yunivesite

 

Ambiri a ife tikamva za Ayuda, maganizo amathamangira kwa Mose ndi Davide, kapena ku nkhani za nkhondo zimene timamva pa wailesi. Madzulo ano ndikufuna tiwapeze pamalo ena, pakhomo la hostelo ku America kapena ku Britain, chaka cha maphunziro chikungoyamba. Mnyamata kapena mtsikana wazaka 18 watsitsa masutikesi, makolo atsanzika, galimoto yabwerera. Kwa zaka zitatu kapena zinayi zikubwerazo palibe womudzutsa kuti apite ku sunagoge, palibe womuphikira chakudya chololedwa, palibe womukumbutsa kuti mawa n'chikondwerero. Nanga Chiyuda chake chikhala bwanji?

Mfundo yanga ndi imodzi. Kunyumba gulu ndi limene limasenza mwana, koma ku yunivesite zinthu zimatembenuka, gulu limakhalapo pokhapokha mwanayo atalisenza. Amene amatuluka m'zaka zimenezi adakali pakati pa anthu ake nthawi zambiri ndi uja amene anapatsidwa ntchito, yoti akapanda kubwera anzake amaona kuti pali chasowa.

Kalendala, khitchini ndi chiwerengero

Munthu atha kukhulupirira yekha mumtima, athanso kupemphera yekha m'chipinda. Koma Chiyuda chimatsamira kwambiri pa zochita, ndipo zochitazo zimafuna nthawi yoikika, malo okonzedwa, ndi anthu ena. Wophunzira watsopano amagundana nazo zitatu zonsezi m'mwezi woyamba womwe.

Tiyambe ndi kalendala. Chaka chatsopano cha Ayuda, Rosh Hashanah, chimagwa mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Pa tsiku lakhumi la chakacho pamabwera Yom Kippur, Tsiku la Chitetezero, pamene anthu amasala kudya ndi kumwa kwa maola 25. Patapita masiku asanu chikondwerero cha Misasa chimayamba. Zonsezi zimaunjikana semesita itangotsegulidwa, moti mwana amene sanadziwe n'komwe mayina a aphunzitsi ake amayenera kuyamba n'kuwapempha kuti ajombe. Pasika amabwera mu Malichi kapena mu Epulo, mayeso atayandikira. Pamwamba pa izi pali Sabata, limene limalowa Lachisanu dzuwa likamalowa n'kutuluka Loweruka nyenyezi zikaoneka, mlungu ndi mlungu, chaka chonse. Abale athu a Seventh Day amene anawaikirapo mayeso pa Loweruka akudziwa kuwawa kwake.

Tiyeni timuone pafupi mtsikana wosunga malamulo a Sabata amene akuphunzira ku Leeds. Mu Disembala dzuwa kumeneko limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo mwambo umati makandulo ayatsidwe mphindi 18 dzuwa lisanalowe. Ndiye kuti kalasi ya Lachisanu masana aisiya pakati. Akafika ku hostelo apeza kuti malamulo oteteza moto saloleza kandulo m'chipinda. Chitseko cha panja chimatseguka ndi khadi ya magetsi, pamene iye pa Sabata sayatsa kapena kuzimitsa magetsi, sagwira foni, salemba. Pobwera ku mapemphero usiku amaima panja pozizira kudikira wina woti atsegule, kapena amakhala atapempha kale ku ofesi kiyi wachitsulo. Kiyiyonso ili ndi lamulo lake, chifukwa kunyamula chinthu mumsewu pa Sabata n'koletsedwa pokhapokha deralo litazunguliridwa ndi malire otchedwa eruv, ndipo n'chifukwa chake ena amaimangirira kiyi ku lamba kuti ikhale gawo la chovala. Kwawo zonsezi anazilongosola kale makolo ndi agogo, mwanayo sankaziona. Pano aliyense mwa mafunso amenewa akumuyang'ana iye.

Kenako khitchini. Chakudya chololedwa, chimene amati kosher, sichikhala ndi nkhumba, sichisakaniza nyama ndi mkaka, ndipo nyama imafunika kuphedwa ndi munthu wophunzitsidwa mwambo wake. Nsomba iyenera kukhala ndi mamba ndi zipsepse, kotero chambo chikanaloledwa koma mlamba ayi. Miphika ndi mbale za nyama zimakhala padera, za mkaka padera. Tsono mu khitchini ya hostelo anthu asanu ndi atatu amagwiritsa ntchito poto mmodzi ndi siponji imodzi. Nkhani ya chakudya imakhudzanso chibwenzi, chifukwa pa yunivesite anthu amadziwana podyera. Amene sangadye ndi anzake mu kafiteriya amayamba kuoneka ngati wodzipatula, ngakhale si cholinga chake.

Chachitatu ndi chiwerengero, ndipo ichi ndi chimene ndidzakhalitsapo. Mapemphero ena achiyuda sachitika pokhapokha patasonkhana akuluakulu khumi. Gulu limeneli amati minyan. A Orthodox amawerenga amuna okhaokha, pamene a Conservative ndi a Reform amawerenga amayi ndi abambo omwe. Popanda khumi, mpukutu wa Torah suwerengedwa pagulu, ndipo wamasiye sanena pemphero la Kaddish.

Kumene nyumba za ophunzira zinachokera

Vutoli si lalero. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ana a Ayuda amene anathawira ku America kuchokera kum'mawa kwa Ulaya anayamba kulowa m'mayunivesite mwaunyinji. Sanalandiridwe ndi manja awiri. Magulu a ophunzira otchuka ankawakana, n'chifukwa chake anayambitsa awo, monga Menorah Society ku Harvard mu 1906 ndi Alpha Epsilon Pi ku New York University mu 1913. Pofika 1922 wophunzira mmodzi mwa asanu alionse olowa ku Harvard anali Myuda, ndipo mkulu wa yunivesiteyo, A. Lawrence Lowell, anapempha kuti chiwerengero chawo chiikiridwe malire. Malire olembedwa poyera anakanidwa, koma njira zosankhira ophunzira zinasinthidwa mwakachetechete mpaka chiwerengerocho chinatsika, ndipo mayunivesite ena otchuka anachita chimodzimodzi. Mnyamata wachiyuda wa nthawi imeneyo anaphunzira msanga kuti kubisa kumene akuchokera kumatsegula zitseko.

Yankho lokhalitsa linachokera kutali ndi mizinda ikuluikulu, ku University of Illinois, pakati pa minda ya chimanga. Kumeneko kunali mphunzitsi wachikhristu, Edward Chauncey Baldwin, amene ankaphunzitsa Baibulo monga zolembalemba. Iye anadabwa kuona kuti ophunzira ake achiyuda sakuwadziwa mabuku a makolo awo, ndipo anapempha atsogoleri achiyuda ku Chicago kuti asawataye anawo. Mu 1923 rabi wachinyamata, Benjamin Frankel, anachita lendi chipinda pamwamba pa malo ometera tsitsi n'kutsegula bungwe la Hillel. Posakhalitsa bungwe la B'nai B'rith linayamba kulithandiza ndi ndalama. Frankel anamwalira mu 1927 adakali mnyamata, ndipo ntchito inapitirira m'manja mwa Abram Sachar, amene pambuyo pake anadzakhala mkulu woyamba wa Brandeis University mu 1948. Lero Hillel ili pa mayunivesite mazanamazana, m'mayiko oposa khumi.

Dzinalo analitenga kwa Hillel Wamkulu, mphunzitsi wochokera ku Babulo amene anakhala ku Yerusalemu m'masiku a Herode. Talmud imasimba kuti ali mmphawi ankagawa pawiri kandalama kamene wapeza pa tsiku, theka la banja, theka la mlonda wa pakhomo la nyumba yophunziriramo. Lachisanu lina m'nyengo yozizira sanapeze ganyu, mlonda anamubweza, ndiye anakwera padenga n'kukhala pa kazenera kuti amve zimene aphunzitsi Shemaya ndi Avtalyon akuphunzitsa. Usiku kunagwa chipale chofewa. M'mawa aphunzitsiwo anaona kuti m'nyumba muli mdima, anayang'ana kumwamba, n'kuona thupi la munthu. Anamutsitsa, anamusambitsa, anamukhazika pamoto, ngakhale linali Sabata. Nkhaniyi amaisimba kawirikawiri pofuna kuyamikira khama la wophunzira. Ine ndimaonamonso udindo wa amene ali kale m'nyumba, woti aziyang'ana amene watsala kunja. Nyumba ya ophunzira yabwino imafuna mbali zonse ziwiri.

Mu 1969 panabwera njira yachiwiri. Gulu la Chabad-Lubavitch, lotsogoleredwa ndi Rabi Menachem Mendel Schneerson wa ku Brooklyn, linatsegula nyumba yake yoyamba ya ophunzira pafupi ndi UCLA ku Los Angeles, kudzera mwa Rabi Shlomo Cunin. Kachitidwe kawo n'kosiyana. Rabi ndi mkazi wake amasamukira pafupi ndi yunivesite kukakhazikika, amalerera ana awo komweko, amadzifunira okha ndalama zoyendetsera ntchito, ndipo khomo lawo limakhala lotseguka. Iwo ndi a Orthodox okhwima, koma ambiri mwa ophunzira amene amadya patebulo pawo si a Orthodox. Hillel imayesa kukhala denga la onse, moti pa Hillel yaikulu Lachisanu madzulo mutha kupeza mapemphero atatu m'zipinda zitatu, kenako onse n'kukumana podyera. Chabad imapereka chimene mwana wachisiya kwawo, banja, ana akuthamangathamanga, fungo la supu. Ku Binghamton University, Chabad inayambitsa mwambo wosonkhanitsa ophunzira 1,000 pa chakudya chimodzi cha Sabata, ndipo mayunivesite ena anatengera.

Ku Britain, kumene kalembera wa 2021 anapeza Ayuda pafupifupi 271,000 ku England ndi Wales, ophunzira amayendetsa okha magulu awo amene amawatchula kuti JSoc, pansi pa Union of Jewish Students imene mizu yake inayamba mu 1919. Achinyamata ambiri amasankha dala mizinda monga Leeds, Birmingham ndi Nottingham chifukwa akudziwa kuti akapezako anzawo. Ku South Africa kuli South African Union of Jewish Students pa mayunivesite monga Wits ndi Cape Town, ndipo ana athu amene akuphunzira kumeneko amakumana nawo m'makalasi.

Tebulo la Lachisanu

Pa zonse zimene mabungwewa amachita, chimene chimakoka anthu ambiri ndi chakudya cha Lachisanu madzulo. Lowani nawo. Matebulo ayalidwa nsalu zoyera. Wina akweza chikho cha vinyo n'kunena dalitso, onse aima. Kenako mzere wa ku mpopi, aliyense athira madzi m'manja ndi chikho cha zogwirira ziwiri, ndipo kuyambira pamenepo salankhula mpaka atalawa buledi. Chipinda cha anthu zana chimangoti zii, ena akukodolana, ena akung'ung'udza nyimbo. Avundukula mabuledi awiri olukidwa otchedwa challah, adalitsa, awaza mchere, agawa. Phokoso libwerera. Mafoni ali m'matumba kapena atsala kuchipinda, kotero palibe kothawira, uyenera kulankhula ndi amene wakhala naye. Mafunso ake ndi omwewo nthawi zonse: kwanu n'kuti, unkapita sunagoge uti, unkapita ku kampu iti pa tchuthi, uje ukumudziwa? Zili ngati anthu awiri akumudzi akakumana m'tauni, amafunsana mfumu ndi mfunda mpaka atapeza ubale.

Tebulo limeneli lili ndi mphamvu chifukwa silifunsa munthu zimene amakhulupirira. Wovala kachipewa ka kippah ndi wosakhulupirira Mulungu amapatsirana mbale imodzi. Komanso limabwera mlungu uliwonse, moti amene waphonya lero amadziwa kuti Lachisanu lina likubwera. Koma lili ndi malire ake. Munthu atha kudya pamenepo zaka zinayi ali mlendo, ngati mmene amadyera mu lesitilanti, osadziwa amene anakanda ufa, amene anasenda mbatata, amene atsuke mbale Loweruka usiku. Akulu anati mlendo ndi mame. Tsiku limene walandira digiri, chakudya chaulerecho chimatha, ndipo ngati sanaphunzire kuyala tebulo yekha, amachoka manja lendelende.

Pamene mlendo amasanduka mwininyumba

Apa ndi pamene chiwerengero chija chimagwira ntchito yake. Taganizani Lachinayi m'mawa, 7 koloko, m'kachipinda ka mapemphero. Lolemba ndi Lachinayi ndi masiku owerenga Torah. Abwera anthu asanu ndi anayi. Mmodzi mwa iwo bambo ake anamwalira miyezi iwiri yapitayo, ndipo mwambo umamupempha kunena Kaddish tsiku ndi tsiku kwa miyezi 11. Pempheroli n'la m'Chiaramu, silitchula imfa, limangolemekeza Mulungu, ndipo linapangidwa moti gulu liziyankha. Popanda munthu wachikhumi sangalinene. Ku sunagoge wa kwawo vutoli kulibe, chifukwa kuli madala opuma pa ntchito amene amafika mbandakucha. Pa yunivesite madala kulibe. Ndiye uthenga upita pa WhatsApp kuti tatsala ndi mmodzi, ndipo mnyamata wina amene anagona 2 koloko usiku akulemba asainimenti avala juzi n'kuthamanga. Mwina si wokonda kupemphera. Mwina sadziwa n'komwe tsamba loti atsegule. Koma akangolowa, mnzake uja atha kulira maliro a bambo ake monga mwa mwambo.

Mnyamata ameneyu waphunzira chinthu chimene maulaliki sakanamuphunzitsa, kuti kubwera kwake kumasintha zimene ena angathe kuchita. Ndipo ntchito zotere n'zambiri. Mpukutu wa Torah ulibe zizindikiro za mavawelo kapena za kaimbidwe, wowerenga amayenera kukonzekera masiku angapo. Amene anawerengapo kamodzi kokha, pa bar mitzvah ali ndi zaka 13 kapena pa bat mitzvah, amapezeka kuti ndi iye yekha wodziwako, ndiye amafukula zimene anaiwala. Pa chikondwerero cha Misasa pamafunika anthu ogwira hamala ndi kudula nthambi zofolera, motalikirana kuti nyenyezi zizioneka. Pa Pasika pamafunika otsuka khitchini yonse kuti pasatsale kanyenyeswa ka chotupitsa, ndi wotsogolera mwambo wa seder, ntchito imene kwawo inali ya agogo. Mafunso anayi amene mwana wamng'ono pa onse amafunsa pa usiku umenewo amagwera wa chaka choyamba, ndevu zili pachibwano, anzake akuseka.

Pali chinanso chimene chimasiyanitsa gulu la pa yunivesite ndi mpingo wina uliwonse. Digiri ya ku America imatenga zaka zinayi, ya ku England zitatu. Ndiye kuti chaka chilichonse gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu limachoka, ndipo ochokawo ndi amene amadziwa zinthu: kumene kumagulidwa nyama ya kosher, ofesi imene imamva za kiyi wachitsulo, mphunzitsi amene amavuta pa nkhani ya mayeso. Gulu lamphamvu chaka chino litha kufa patangopita zaka ziwiri ngati atsogoleri ake sanaphunzitse owatsatira. N'chifukwa chake mabungwe amaika anthu okhazikika, monga mabanja a Chabad, arabi a University Jewish Chaplaincy ku Britain, kapena mabanja a JLIC amene Orthodox Union inayamba kutumiza mu 2000. Koma akuluakuluwa akamachita zonse okha, ophunzira amabwereranso kukhala alendo. Wanzeru pakati pawo amasiya dala ntchito zina m'manja mwa ana, ngakhale supu ipsereze.

Amene sabwera

Ndisakusiyeni ndi chithunzi chakuti wophunzira wachiyuda aliyense akulimbana ndi makadi a zitseko. Kafukufuku wa Pew Research Center wa 2020 anapeza kuti ku America kuli Ayuda pafupifupi 7.5 miliyoni. Mwa akuluakulu 100 alionse, 9 okha ndi a Orthodox, 17 ndi a Conservative, 37 ndi a Reform, ndipo 32 sadzitchula a nthambi iliyonse. Mwa achinyamata a zaka 18 mpaka 29, anthu 40 pa 100 alionse amati ndi Ayuda mwa mtundu, mwa chikhalidwe kapena mwa banja, koma alibe chipembedzo. Mwa amene anakwatira kapena kukwatiwa pakati pa 2010 ndi 2020, anthu 61 pa 100 alionse anamanga banja ndi munthu amene si Myuda.

Ziwerengerozi zikutanthauza kuti ambiri ofika pa yunivesite ali ndi vuto lina, manyazi. Sadziwa Chihebri, mwina kholo lawo limodzi lokha ndi Myuda, ndipo amaopa kuti akalowa aoneka mbuli pakati pa anzawo amene anaphunzira m'sukulu zachiyuda. Ena amafika pakhomo, n'kumva nyimbo zimene sakuzidziwa, n'kubwerera. Munthu wotereyu sakopeka ndi chikwangwani. Amalowa ngati mnzake wa m'kalasi wamutenga n'kukhala naye pafupi n'kumusonyeza tsamba. Amakhalitsa ngati wapatsidwa chochita chimene angathe, kuphika, kuimba, kusunga ndalama, kuyendera odwala, kapena kuphunzira ndi mnzake. Njira yakale yophunzirira awiriawiri, yotchedwa chavruta, imathandiza pano, chifukwa ukapangana ndi munthu mmodzi kuti mukumane Lachiwiri lililonse kuwerenga ndi kutsutsana pa ndime imodzi, kujomba kumakhala kumugwiritsa mwala mnzako.

Kuyambira 1999 pali ulendo wa Birthright Israel, umene anayambitsa ndi Charles Bronfman ndi Michael Steinhardt, wopatsa achinyamata masiku 10 aulere ku Israel. Apitako anthu oposa theka la miliyoni, ndipo ambiri amabwerako mitima itatenthedwa. Sindikuupeputsa. Koma masiku 10 amatha, pamene chaka chili ndi Masabata oposa 50, ndipo chimene chimasonyeza ngati ulendowo wabala zipatso ndi Lachisanu lachitatu munthu atabwerako.

Pamene dziko lalowa m'nyumba

Sindingakambe nkhaniyi n'kulumpha Israel. Hillel International ili ndi malamulo oti nthambi zake zisagwire ntchito ndi magulu olimbikitsa kunyanyala Israel kapena okana kuti dzikolo likhalepo. Mu Disembala 2013 ophunzira a ku Swarthmore College analengeza kuti Hillel yawo ilandira olankhula a maganizo onse, ndipo mkangano umenewo sunazirale. Pa 7 Okutobala 2023 a Hamas anapha anthu pafupifupi 1,200 ku Israel n'kugwira ena pafupifupi 250, ndipo nkhondo imene inatsatira ku Gaza yapha Apalestina masauzande makumimakumi. Mayunivesite anawira. Mu Disembala 2023 akuluakulu a Harvard, Pennsylvania ndi MIT anafunsidwa ku nyumba ya malamulo ya America za chidani cholimbana ndi Ayuda, ndipo pasanathe mwezi awiri mwa iwo, Liz Magill ndi Claudine Gay, anatula pansi maudindo. Mu Epulo 2024 ophunzira anamanga matenti a zionetsero ku Columbia, ndipo zinafalikira m'mayunivesite ambiri.

Ophunzira achiyuda sanayankhe ndi mawu amodzi. Ena anachita mantha, anabisa mkanda wa nyenyezi ya Davide m'malaya, anavala kapu pamwamba pa kippah, anachotsa kachikwama ka mezuzah pamphuthu za zitseko zawo. Ena amene anali asanapondepo ku Hillel kapena ku Chabad anabwera koyamba, pofuna malo oti akhale osafunsidwa mafunso. Enanso anali m'matenti momwemo, ndipo pa Pasika wa 2024 anachitira seder m'menemo. Mabwenzi anadana. Apa ndi pamene lamulo la anthu khumi limasonyeza nzeru zake, chifukwa silifunsa munthu maganizo ake a ndale asanawerengedwe. Gulu limene latsala ndi anthu ogwirizana pa chilichonse limachepa msanga, ndipo tsiku lina wamasiye adzasowa omuyankha. Gulu lomangidwa pa mantha okha nalonso silikhalitsa, chifukwa mantha akazirala palibe chotsalira. Chimene chimagwira ndi ntchito wamba za mlungu ndi mlungu, zimene anthu osiyana maganizo amafunikirana kuti zitheke.

Kodi si kudzitsekera?

Wina pano afunsa, ndipo n'zomveka: kodi yunivesite si malo otulukira mu mpanda wa kwanu, kukumana ndi anthu ena, kufunsa mafunso amene kunyumba sankaloledwa? Inde, ndi choncho. Pali ophunzira amene amamaliza zaka zonse akudya, kugona ndi kucheza ndi Ayuda anzawo okha, ndipo amataya theka la chimene anabwerera. Mu 1997 ophunzira asanu a Orthodox anatsutsa lamulo la Yale lowakakamiza kugona m'mahostelo osakanikirana anyamata ndi atsikana, nkhani inafika ku khoti, ndipo sanapambane. Ayuda anzawo ambiri, ena a Orthodox omwe, anawatsutsa, ponena kuti munthu atha kusunga mwambo ali pakati pa ena.

Ine ndikuona kuti kukhala ndi kwanu kumakupatsa mphamvu yotuluka. Amene akudziwa kumene adye Lachisanu amacheza ndi aliyense masiku ena asanu ndi limodzi popanda kuopa kusungunuka. Amathanso kuitana mnzake wachikhristu, wachisilamu kapena wosapembedza kuti adzadye nawo, ndipo matebulo ambiri a Sabata amakhala ndi alendo otere. Mafunso ovuta amene wakumana nawo m'kalasi ya mbiri yakale kapena ya sayansi ali ndi kopita nawo, chifukwa mwambo wachiyuda unazolowera mtsutso, masamba a Talmud adzaza ndi aphunzitsi osagwirizana. Chimene chimamutaya munthu kawirikawiri si funso lalikulu lakuti kodi Mulungu alipo. N'kujomba Lachisanu limodzi chifukwa cha asainimenti, lachiwiri chifukwa cha phwando, lachitatu chifukwa cha manyazi akuti papita nthawi, ndipo palibe amene anaimba foni kufunsa kuti unali kuti.

Tsono ndimalize ndi mawu kwa magulu atatu amene ali m'nkhaniyi, ndipo amene ali ndi ana ochoka pakhomo atolepo zawo. Kwa makolo: mwana asanachoke, muphunzitseni kuchita yekha zimene mwakhala mukumuchitira. Adziwe kudalitsa vinyo, kuphika chakudya cha anthu khumi, kulemba kalata yaulemu yopempha kusintha tsiku la mayeso. Kumufunsa pa foni ngati wapita ku mapemphero sikungalowe m'malo mwa zimenezi. Kwa oyendetsa mayunivesite: zambiri zimene ophunzirawa amapempha n'zazing'ono, kiyi wachitsulo, kabati yokhoma mu khitchini, kuyang'ana kalendala musanaike mayeso, ndi chitetezo chofanana kwa onse zinthu zikavuta. Kwa ophunzira: pitani m'milungu yoyambirira, zizolowezi zisanaume. Musadikire kuti mudziwe zonse. Mukafika, funsani ntchito, ngakhale yosanja mipando. Ndipo mukafika chaka chomaliza, dziyeseni ndi funso ili: ndani wa chaka choyamba amene ndamuphunzitsa zimene ndikudziwa, amene ndamupatsa makiyi, buku la ndalama ndi nambala ya wogulitsa nyama? Ngati alipo, gulu lidzakhalapo inu mutachoka, ndipo inunso kumene mukupita mukadziwa poyambira.